Seva Yozulidwa Nthambo

Nkhani iyi sindinaitole m'basi ayi. Inachitika masana, dzuwa lili paliwombo, anthu anayi akuona, ndipo onse anayi alipo mpaka lero. Ndinaimva kwa mwiniwake, mtsikana amene anzake amamutchula kuti Kachangu, kenako ndinakafunsa padera amayi amene amasesa mu ofesi yawo. Zimene anandiuza zinagwirizana zonse, kupatula poti amayiwo amati iwo sanaope. Pamenepo pokha ananama.

Ofesiyo ili pamwamba pa shopu ya matayala. Ndi chipinda chimodzi chachikulu, ndi kachipinda kopanda zenera kosungiramo tsache, ndowa ndi mipando yothyoka. M'menemo amalemba mapulogalamu a kompyuta. Pa nthawiyo olemba anali atatu: abwana, amene ndi mayi wosaseka wamba; mnyamata wamkulu wovala magalasi okhuthala amene dzina lake lenileni linaiwalika kalekale, onse amangoti Kamagalasi; ndi Kachanguyo, amene anali pa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa.

Kwa inu amene ntchitoyi simuidziwa, imayenda chonchi. Aliyense amalemba pa laputopu yake, akamaliza amatumiza zimene walemba ku kompyuta ina yosungira ntchito ya onse, imene amaitcha seva. Kutumizako eniake amati kupusha, ndipo kutenga zimene anzako atumiza amati kukoka. Seva imasunga mbiri yonse: wasintha ndani, wasintha chiyani, tsiku liti, ndi kauthenga kofotokoza chifukwa chake. Laputopu imadziwa kotumiza chifukwa munaiuza adilesi. Adilesi ikalakwika, basi, mwatumiza kuthengo.

Seva yakale ya mu ofesimo inali ya Madala, bambo wachikulire amene ankalemba nawo mapulogalamu m'menemo. Anaimanga okha ndi zidutswa za makompyuta otayidwa, bokosi lotuwa lokhala pansi pa desiki lawo, ndipo ankapondapo mapazi mawondo akawavuta. Madala ndiwo anaphunzitsa onse, ngakhale abwana amene. Nkhomaliro sankapita. Anzawo akatuluka, iwo ankatsala akuwerenga ntchito ya ana awo, akupaka mawondo mafuta onunkha mpaka pamasitepe, ndipo ukabwerako unkapeza kauthenga kakukudikira: "Bwezani, mwanangu, izi sizinapse." Kachangu anamuphunzitsa miyezi itatu yokha. Kenako Madalawo anadwala masiku anayi, n'kumwalira.

Maliro atatha, palibe amene ankadziwa kusamala bokosi lija. Kafani kake kankalira tiki, tiki, tiki, ngati kakufuna kuthothoka, ndipo abwana anati sangagoneke kampani yonse pa chopondera mapazi cha malemu. Analipira seva yatsopano ya pa intaneti. Kamagalasi anasamutsa ntchito yonse, anazula bokosi lija, analinyamula n'kukaliika m'kachipinda ka tsache. Kenako anatumizira aliyense uthenga: "Tasamuka. Sinthani adilesi pa malaputopu anu."

Kachangu anasintha asanamalize n'komwe kuwerenga uthengawo. Dzina lakelo sanalipeze mwangozi. Mtsikana ameneyu amatha kuthira shuga m'kapu madzi asanawire, n'kumakalipira ketulo kuti ikuchedwa.

Ntchito imene anamupatsa yoti amuyesere inali pulogalamu yogawa mashifiti a anamwino pa chipatala china. Anaigwira yekha milungu itatu, pa nthambi yakeyake, ndiye kuti chigawo chake cha pa seva, imene anzake sankayang'anako. Madzulo alionse ankapusha, seva n'kuyankha kuti yalandira, iye n'kunyamula chikwama. Lachisanu likubweralo amayenera kukaionetsa kwa mkulu wa anamwino, abwana ali pompo. Ikayenda, kalata ya ntchito yokhazikika. Ikakanika, khomo linali lomwe lija analowera. Ndipo amayi ake kunyumba anali atauza kale anansi onse, ngakhale osawafunsa, kuti mwana wawo ndi injiniya.

Tsono Lachinayi m'mawa laputopu yake inayamba ulesi. Munthu wina akanapirira tsiku limodzi lokhalo. Osati Kachangu.

"Ndiifufuta yonse ndiyambirenso," anatero. "Mawa isakandichititse manyazi pamaso pa anthu."

"Lero? Chemwali, mawa muli ndi chionetsero," anatero Kamagalasi.

"Zonse zili pa seva, achimwene. Ndinapusha dzulo."

Chanzeru chimodzi chokha chimene anachita, anajambula pa foni makonzedwe a laputopuyo kuti asavutike powabwezeretsa. Kenako anafufuta zonse, mbee. Pofika cha m'ma leveni laputopu inali ikuthamanga ngati yatsopano, iye akuimba kanyimbo. Anakoka ntchito kuchokera pa seva yatsopano ija. Ntchito ya abwana inabwera. Ya Kamagalasi inabwera. Nthambi yake panalibe.

Anakokanso. Panalibe. Anatsegula tsamba la sevayo n'kuyang'ana ndi maso. Dzina lake linali lisanatumizeko kanthu chisamukireni, ngakhale kadontho.

Kanyimbo kaja kanathera pakhosi.

"Achimwene," anaitana motsitsa mawu, chifukwa abwana anali atangotuluka kupita ku msonkhano ndipo ankaopa kuti mwina akadali pamasitepe. "Tabwerani muone. Seva yanuyi yadya ntchito yanga."

Kamagalasi anabwera akutafuna bisiketi. Anayang'ana, anapukuta magalasi, anayang'ananso. Kenako anapempha chithunzi chija cha pa foni, n'kuchikulitsa ndi zala. Kutafuna kunaima.

"Mukuiona mizere iwiriyi? Wam'mwambawu ndi adilesi yokokera. Munasintha, ili bwino. Wam'munsiwu ndi adilesi yopushira."

"Si imodzi yomweyo?"

"Kwa anthu ena onse ndi imodzi. Koma Madala ankakonda kuika yopushira payokha. Laputopu yanu anakukonzerani ndani?"

"Madala. Tsiku langa loyamba."

"Ndiye basi. Mumakoka kwatsopano, n'chifukwa chake zonse zimaoneka bwino. Koma kupusha, milungu itatu yonseyi mwakhala mukupusha ku seva yakale."

Kachangu anapumira m'mwamba, mpaka anaseka. "Aa, ndiye palibe vuto! Tikatenge kumeneko."

Kamagalasi sanaseke nawo.

"Chemwali, seva imeneyo ndinaizula ndine. Ndi manja awa. Milungu itatu yapitayo."

"Koma imayankha! Tsiku lililonse imati yalandira."

"Singayankhe."

"Ndikunama ine?"

Amayi osesa aja anali pafupi, akupukuta makapu, makutu ali tcheru monga mwa masiku onse. Anaika kapu pansi.

"Mukunena kabokosi ka Madala kaja? Kali m'kachipindamo? Kamaliratu kaja. Ndikamakatenga tsache ndimakamva, tiki, tiki. Ine ndimayesa munakasiya dala."

Mu ofesi munangoti zii. Pansi, ku shopu ya matayala, wina anali kumenya chitsulo, ndipo naye anasiya ngati wamva.

Anapita onse atatu, Kachangu patsogolo, Kamagalasi pakati, amayi aja pambuyo atagwira chopukutira makapu ngati chida. Asanafike pachitseko anamva. Tiki. Tiki. Tiki. Kafani komwe kaja, kulira komwe kuja.

Kachangu anatsegula.

Fungo ndi limene linayamba kuwalandira. Osati la sopo, osati la ndowa yonyowa. Mafuta opaka mawondo.

Babu la m'kachipindamo linali lakupsa kuyambira kale. Anayatsa tochi ya pa foni. Bokosi linali pansi, pakati pa ndowa ndi mpando wothyoka mwendo. Mpandowo unali ndi fumbi. Bokosilo linalibe. Nthambo yake ya magetsi inali pamwamba pake, yokulungidwa bwinobwino, yomangidwa ndi kalabala. Kumbuyo kunalibe cholumikizidwa chilichonse.

Tiki. Tiki.

Kachangu anagwada n'kuikapo dzanja. Linali lofunda, ngati mpando umene munthu wangonyamukapo.

Thupi lonse linachita tsemwe.

"Mwina muli batire," ananong'ona.

"Mulibe," ananong'onanso Kamagalasi. "Chemwali, ndi disiki yosungira zinthu yomwe mulibe. Ndinaichotsa tsiku lomwelo. Ili mu dilowa ya abwana."

"Ambuye," anatero amayi aja, amene amati sanaope, ndipo pomwe mawuwo amatha anali ali kale kuseri kwa desiki la abwana.

Kachangu anatsala chogwada. Amanena yekha kuti miyendo inkafuna kuthawa, koma mutu unali kuwerenga maola. Mawa naini koloko. Milungu itatu ya ntchito singalembedwe usiku umodzi, ngakhale ndi munthu wachangu ngati iye. Anaganiza za nkhope ya abwana. Anaganiza za amayi ake ndi anansi aja. Anapeza kuti pakati pa mzimu ndi ulova, iye amaopa kwambiri ulova.

Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, anabwerera pa desiki lake.

"Mukutani?" anafunsa Kamagalasi.

"Ndikukapempha katundu wanga."

Analemba adilesi yakale ija, akuikopera pa chithunzi. Anadina.

Sikirini inangokhala. Sekondi imodzi. Ziwiri. Zisanu.

M'kachipinda muja kulira kunasintha. Tikitikitikitiki.

Kenako mizere inayamba kutsika.

Kamagalasi anakhala pansi popanda kuyang'ana ngati pali mpando. Mwamwayi unalipo. Ntchito inabwera yonse, fayilo ndi fayilo, nthambi ya Kachangu ili bwinobwino mpaka zimene analemba dzulo madzulo. Mtsikana anakuwa, analumpha, anakumbatira amayi osesa amene anali atabwerera chifukwa chidwi chinaposa mantha. Mayo ine, chimwemwe chake! Anavina mpaka a matayala anagogoda denga ndi mtengo.

Ndi Kamagalasi amene anaona chinacho.

"Munapusha kangati milungu itatuyi?"

"Sindikudziwa. Kambirimbiri."

"Zosintha za dzina lanu zilipo makumi anayi ndi chimodzi. Koma zonse pamodzi zilipo makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri."

Kachangu anasendera pafupi. Zisanu ndi chimodzi zotsalazo zinali ndi dzina la Madala. Masiku ake anali a milungu itatu yomweyi. Nthawi yake inali imodzimodzi tsiku lililonse: wani koloko masana, anthu atatuluka kukadya.

Anawerenga mauthenga ake mokweza.

"Mwezi wa masiku makumi atatu ndi limodzi munauiwala, mwanangu. Ndakonza."

Wachiwiri: "Namwino uyu mwamuika usiku, m'mawa mwake mwamuikanso. Ndi munthu ameneyu, si jenereta."

Wachitatu: "Apa mwalemba bwino. Musazolowere kuyamikiridwa."

Pamenepo Kachangu analephera kupitiriza. Anaseka, misozi ikutsika, mamina ndi omwe, osadziwa kuti akuseka kapena akulira. Anali Madala enieni, kalankhulidwe kake komweko. Anawasowa kwambiri nthawi imeneyo, kuposa tsiku la maliro.

Abwana anawapeza ali choncho, atatu ataunjikana pa laputopu imodzi. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako anatsegula dilowa yawo ndi kiyi, n'kutulutsa disiki yokutidwa mu envulopu, yolembedwa ndi dzanja la Kamagalasi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anapita m'kachipinda muja okha, anakhalamo pang'ono, ndipo potuluka maso anali ofiira.

"Fumbi," anatero, ngakhale palibe anawafunsa. Anathira tiyi. "Kaya yachokera kuti, ntchitoyo ndikuifuna pa seva yatsopano ndisanamalize kapu iyi."

Tsiku limenelo anthu anaona chachilendo china: Kachangu akuchita chinthu pang'onopang'ono. Popeza ntchito anaikoka kwakale, laputopu inali italozanso kwakale. Anafufuta adilesi ija n'kulemba yatsopano. Anaitanitsa mizere iwiri ija kuti aione. Anawerenga wam'mwamba mokweza, chilembo ndi chilembo, Kamagalasi akulondola ndi chala pa pepala. Anawerenga wam'munsi chimodzimodzi. Yonse iwiri inaloza kwatsopano.

"Pushani," anatero abwana.

Anapusha. Seva inati yalandira. Iye sanakhulupirire mawu okhawo, wapsa kale. Anatsegula tsamba la sevayo, n'kuona nthambi yake ndi maso ake, zosintha zonse makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Nthawi yomweyo m'kachipinda muja munati zii.

Anadikira. Palibe tiki. Amayi osesa, amene tsopano anali atalimba mtima poti abwana alipo, anakasuzumira. Anabwera akugwedeza mutu.

"Kazizira. Ngati mwala. Ndi fungo lomwe latha."

Kachangu sanasangalale monga ankayembekezera. Anzake atabalalika, analemba mwakachetechete adilesi yakale ija, kuti atumizeko kauthenga kamodzi kokha ka zikomo. Laputopu inayankha msanga kuti kumeneko kulibe seva iliyonse. Anayesa katatu. Mtima unamupweteka. Munthu wakusungira katundu milungu itatu, wakukonzeranso zolakwa, iwe n'kungotenga n'kutseka chitseko.

"Zikomo, Madala," ananena ndi pakamwa, akuyang'ana desiki lawo lakale, limene tsopano linali poikapo ketulo.

Lachisanu chionetsero chinayenda. Mkulu wa anamwino anali mayi wovuta, wa maso ofufuza cholakwa, ndipo anapita molunjika kumapeto kwa mwezi, kumene ati mapulogalamu onse amene anayesapo amasokonezera. Anafufuza namwino woikidwa usiku n'kuikidwanso m'mawa. Sanamupeze. Anafufuzanso, n'kuvula magalasi, n'kunena kuti aka n'koyamba. Pobwerera, m'galimoto, abwana anatulutsa kalata m'chikwama.

Kachangu sanailandire msanga.

"Abwana, pamene amayi a kuchipatala aja anayamikira paja sindinalembe ine."

"Ndikudziwa. Ndinawerenga zonse usiku wathawu."

"Ndiye..."

"Zisanu ndi chimodzi ndi zawo. Makumi anayi ndi chimodzi ndi zako. Ndipo Madala sankataya nthawi kukonza ntchito ya munthu amene alibe tsogolo, ankangoti bwezani. Landira kalatayi dzanja langa lisanatope."

Analandira ndi manja awiri. Amayi ake madzulo amenewo anayenda nayo kalatayo nyumba ndi nyumba.

Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi ndikuti mwina pali chimene ife osadziwa makompyuta sitikuchimvetsa. Koma panali Lolemba.

Lolemba Kachangu anabwera ali wantchito wokhazikika, ndipo changu chake chinabwera naye. Anakonza tinthu titatu, njala n'kumugwira, anzake ali kale pakhomo akumuitana. Pa kauthenga kofotokoza zimene wasintha anangolemba kuti "zina ndi zina", anapusha, n'kuthamangira nkhomaliro. Amayi osesa anatuluka pomaliza n'kukhoma chitseko. Zimenezi amalumbira.

Anabwerera thuu koloko akuseka za m'njira. Kachangu ndiye anatsegula chitseko.

Anaima.

Mafuta opaka mawondo. Osati m'kachipinda. Mu ofesi mwenimweni.

Kachangu anayenda monyang'ama kupita pa desiki lake. Anakoka kuchokera pa seva yatsopano, ija ya pa intaneti, imene Madala sanaionepo ali moyo.

Panali chosintha chimodzi chatsopano. Wani koloko.

Anawerenga motsitsa mawu.

"Posamuka munandisiya. Palibe kanthu, ndafika bwino. Zikomo wanu ndinamumva. Tsono mwanangu, zina ndi zina ndiye kuti chiyani?"

Abwana anatsegula mndandanda wa anthu ololedwa kulemba pa sevayo. Mayina anali atatu: lawo, la Kamagalasi, la Kachangu. Anatseka n'kutsegulanso. Atatu.

Kamagalasi anayang'ana Kachangu pamwamba pa magalasi ake. "Mwabwera nawo ndinu, chemwali. Lachinayi lija munapusha zonse."

"Ndikanawasiya?"

Kamagalasi anatembenukira kwa abwana, mawu ali pansi. "Nditseke?"

"Utseke ndani?" anafunsa abwana. "Ukumuona pa mndandandapo?"

Kenako abwana anapita pa desiki lija, ananyamula ketulo ndi makapu, n'kukaziika pawindo. Amayi osesa, osauzidwa ndi munthu, anapukuta desikilo n'kukankhira mpando pamalo pake.

Kachangu anakhala pansi, tsitsi lili nyaunyau, akumwetulira yekha. Anafufuta "zina ndi zina", n'kuyamba kufotokoza zimene anasintha, chimodzi ndi chimodzi, mosafulumira.